Kufufuza ndalama zakale m'minda ya ku England: mmene mungayendere ulendo woyamba ndi anzanu

Tirigu ndi balere akangokololedwa ku England, kuyambira mu Ogasiti mpaka cha mu Okutobala, minda imakhala yopanda mbewu kwa masabata ochepa alimi asanafesenso. Nthawi imeneyi, Loweruka kapena Lamlungu m'mawa, mumapeza magalimoto atandandalika pakhomo pa famu, ndipo m'munda muli anthu ovala majombo ndi mahedifoni akuyenda pang'onopang'ono, aliyense akuyendetsa makina ake ofufuzira zitsulo, otchedwa detector, pamwamba pa dothi. Ntchitoyi ili ngati kukunkha mtedza m'munda wokololakolola, kungoti chimene akukunkha anthuwa ndi zimene ena anagwetsa zaka 200, 700, ngakhale 1,800 zapitazo. Aroma analamulira kuno kuyambira chaka cha 43 mpaka cha m'ma 410, ndipo ndalama zawo zidakali m'dothi. Ambiri a ife amene tikukhala ku Britain timangodutsa pa minda imeneyi popita ku ntchito. Ngati mtima ukukukokani kuti mulowemo, ulendo wake umayenda chonchi.

Yambani ndi kalabu, makina abwere pambuyo

Musathamangire kugula detector. Fufuzani kaye kalabu ya anthu ofufuza zitsulo m'dera lanu, pitani ku msonkhano wawo, mukhale pansi muone zimene akutulutsa m'timabokosi tawo. Chimene kalabu ili nacho, chimene inu simungachipeze msanga panokha, ndi minda. Mlimi savomera munthu wachilendo amene wangogogoda pakhomo, koma kalabu yakhala ikudziwana ndi alimi zaka zambiri, ndipo membala amangopereka kandalama ka tsikulo n'kulowa. Makalabu ambiri amafuna kuti mukhale ndi inshuwalansi, imene mumaipeza mukalowa bungwe la National Council for Metal Detecting. Khadi lake amalifunsa pa geti.

Pa makina, mayina amene mudzawamva kawirikawiri ndi Minelab, XP, Garrett ndi Nokta. Woyamba kumene safunika odula. Ogwiritsidwapo kale ntchito, ogula kwa membala mnzanu amene angakuonetseni kachunidwe kake, ndi abwino kuposa atsopano amene mukalimbana nawo nokha. Musanapite kumunda, kwirirani pabwalo panu ndalama, msomali, chotsegulira chitini cha zakumwa ndi kachidutswa ka mtovu, chilichonse payekha, ndipo muzidutsitsa makina mpaka khutu lizolowere kulira kwa chilichonse.

Chilolezo

Ku England kulibe malo opanda mwini. Paki ndi ya khonsolo, kanjira kodutsa m'munda ndi ka mwini munda, ndipo ufulu woyendapo si ufulu wokumbapo. Ngati mlimi amachita lendi, pamafunika mawu ake komanso a mwini malo weniweni. Mwa lamulo, zimene zili m'dothi ndi za mwini malo, choncho mugwirizane musanayambe kuti zopezeka zidzagawidwa bwanji, ndipo mulembe papepala. Ambiri amagwirizana kuti chinthu chamtengo chikapezeka adzagawana pakati ndi pakati. Ku ulendo wa kalabu zimenezi zimakhala zitakambidwa kale, komabe funsani mkulu wa ulendo akuuzeni. Safunsa anadya phula.

Pali malo ena amene ngakhale mwini wake atavomera, simuloledwa kuyatsapo makina. Awa ndi malo akale otetezedwa ndi boma pansi pa lamulo la 1979, ndipo chilolezo chake chimachokera ku Historic England, bungwe la boma loyang'anira malo akale. Malire ake amaoneka pa mapu a boma a pa intaneti, ndipo nthawi zina amadutsa pakati penipeni pa munda. M'mphepete mwa mtsinje wa Thames ku London namonso simufufuza popanda chiphaso cha Port of London Authority, bungwe loyang'anira mtsinjewo. Anthu olowa m'minda usiku popanda chilolezo amatchedwa nighthawks, ndipo palibe amene amadedwa m'makalabu kuposa iwowa, chifukwa mlimi akadzuka n'kupeza maenje m'munda mwake amatsekera aliyense geti.

Malamulo amasiyana mukangodutsa malire. Ku Scotland chinthu chilichonse chakale chopezeka m'nthaka, kaya ndi chagolide kaya ndi chamkuwa, chiyenera kunenedwa ku Treasure Trove Unit. Ku Northern Ireland kukumba kofunafuna zinthu zakale kumafuna laisensi. Abale a ku Joni adziwe kuti lamulo la National Heritage Resources Act la 1999 limaletsa kupita ndi makina amenewa pamalo a mbiri yakale popanda chilolezo, ndipo kwathu ku Malawi lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zakale, moti simungangotenga makina popita kutchuthi n'kuyamba kukumba pa bwinja kapena pa phiri limene mwamva kuti panali linga.

Lamulo la chuma muliloweze musanagwire fosholo

Ku England ndi Wales lamulo lalikulu ndi Treasure Act la 1996. Mwachidule, chinthu chimene si ndalama, chimene chapitirira zaka 300 ndipo gawo limodzi mwa magawo 10 ake kapena kuposerapo ndi golide kapena siliva, chimawerengedwa chuma cha dziko. Ndalama zagolide kapena zasiliva za msinkhu umenewo zikapezeka ziwiri kapena kuposa kuchokera pa gulu limodzi, nazonso ndi chuma. Zamkuwa zimafunika zikwane 10. Kuyambira mu 2023, chinthu chachitsulo chamtundu uliwonse chopitirira zaka 200 chingathenso kulowa m'gululi ngati chili chofunika kwambiri pa mbiri ya dziko. Mukapeza chotere muli ndi masiku 14 oti munene kwa coroner wa deralo (mkulu wofufuza mwalamulo nkhani za imfa ndi za chuma chopezeka), kuwerenga kuchokera tsiku limene mwazindikira kuti chingakhale chuma. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ikachifuna, komiti imaika mtengo ndipo ndalamazo kawirikawiri amagawana wopeza ndi mwini munda. Ikapanda kuchifuna, chimabwerera. Kubisa ndi mlandu. Amuna awiri amene anapeza chuma cha nthawi ya ma Viking (ankhondo akale ochokera kumpoto kwa Ulaya) ku Herefordshire mu 2015 n'kuyamba kuchigulitsa mobisa anapita kundende mu 2019, ndipo ndalama zambiri za m'chumacho sizinaonekenso.

Simudzafunika kulimbana ndi coroner nokha. Dera lililonse lili ndi mkulu wotchedwa Finds Liaison Officer, amene onse amangomuti FLO, wogwira ntchito pansi pa Portable Antiquities Scheme, ndondomeko imene inayamba mu 1997 ndipo ku England imayendetsedwa ndi British Museum. Nambala yake ya foni muisunge musananyamuke.

Katundu wa ulendo

Madzulo a tsiku loti mawa ndi ulendo, tchajani makina ndi mahedifoni. Tengani fosholo yaing'ono yolimba, kampeni kokumbira, magolovesi, ndi pinpointer, kachipangizo konga tochi kamene kamalira kakayandikira chitsulo m'dzenje. Chikwama cha m'chiuno chikhale cha matumba awiri, lina la zinyalala lina la zabwino. Onjezani timapepala ta pulasitiki totseka pakamwa, cholembera chosafufutika, kabokosi koyalamo thonje, botolo la madzi, fulasiki ya tiyi ndi kamba wa tsiku lonse, poti minda yambiri ili kutali ndi sitolo. Majombo akhale opanda chitsulo kuphazi, apo ayi makina azingolira pa phazi lililonse. Mphepo ya m'munda wopanda mitengo imalowa m'mafupa ngakhale dzuwa likuwala, ndiye jekete la mvula lisatsale.

Pa geti

Fikani msanga. Mkulu wa ulendo amasonkhanitsa anthu n'kunena minda yololedwa, yoletsedwa, kumene kuli ziweto ndi nthawi yotuluka. Mverani bwino, chifukwa munda wofesedwa kale suoneka kusiyana kwenikweni ndi wongolimidwa. Geti lililonse mulisiye mmene mwalipezera. Mlimi akatulukira, vulani mahedifoni, mupatseni moni, mumuthokoze. Zimaoneka zazing'ono, koma chilolezo cha chaka chamawa chimakhala pamenepo.

Anthu akangomasulidwa, ambiri amathamangira pakati pa munda. Inu imani kaye muyang'ane. Pamene pali kamtunda pafupi ndi madzi, pamene kanjira kakale kalunjika ku tchalitchi cha m'mudzi, pamene dothi ladera kuposa pena, pamene pamwazika mapale, zidutswa za matailosi kapena zigoba za nkhono za m'nyanja, pamenepo panakhala kapena panadutsa anthu. Mapu akale a Ordnance Survey (bungwe lojambula mapu a Britain), amene National Library of Scotland inawaika pa intaneti kwaulere, amaonetsa tinjira ndi nyumba zimene lero kulibe, ndipo ndi bwino kuwayang'ana usiku musanapite. Siyani mtunda wa mamita 10 kapena kuposa pakati pa inu ndi mnzanu, chifukwa makina awiri akayandikana amasokonezana. Mnzanu akagwada kukumba, malo omuzungulira ndi ake mpaka adzuke.

Kuyendetsa makina

Yatsani makina, muwalole asankhe njira yopanda phokoso, kenako muwachune kuti agwirizane ndi dothi la mundawo monga buku lake likunenera. Musakweze mphamvu mpaka kumapeto. Makina ongolongolola amabisa kulira kwenikweni.

Mbale ya kumapeto kwa makina iyende pafupi kwambiri ndi dothi, yogona bwino, osaitukula kumapeto kwa dzanja. Kupita kumanzere, kubwerera kumanja, kenako phazi limodzi lalifupi, kuti pamene mbale yadutsa tsopano paphimbe theka la pamene inadutsa poyamba. Oyamba kumene pafupifupi onse amayenda mothamanga. Munda wa mahekitala 20 umawasokoneza mtima, amafuna aupondeponde wonse dzuwa lisanalowe, ndipo amabwerera ndi zitini zokha. Akuluakulu a m'kalabu amasankha kachigawo kochepa n'kuyendamo mizere yowongoka, akamaliza n'kuidutsanso mopingasa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chitsulo chadzimbiri, monga misomali ndi zidutswa za pulawo, chimalira mobangula pansipansi. Mkuwa, siliva, golide ndi mtovu zimalira mokweza. Mukamva kulira kwabwino, zungulirani muime chopingasa n'kudutsitsanso makina. Kukamveka chimodzimodzi mbali zonse ziwiri, kumbani. Manambala a pa sikirini ndi othandiza, koma musawakhulupirire kuposa khutu, ndipo musatseke manambala otsika pofuna kuthawa zinyalala. Ndalama yopyapyala yasiliva imatha kulira ngati kachidutswa ka pepala la aluminiyamu, ndipo mphete yagolide imalira ngati chotsegulira chitini. Amene safuna kukumba zinyalala amasiya zabwino m'dothi.

Kukumba

M'munda wolimidwa ntchito ndi yopepuka. Lowetsani fosholo chapatali pang'ono ndi pamene makina alira kwambiri, kuti musakande chinthucho, n'kutembenuza chibuluma. Pa msipu pamafunika luso. Dulani udzu mbali zitatu, yachinayi muisiye yolumikizana kuti mizu isafe, n'kupinda chigambacho chagada. Dothi lotuluka muliike pa kansalu. Dutsitsani makina pa chibuluma ndi padzenje kuti mudziwe kumene chinthu chili, kenako pinpointer. Chibuluma muchinyeme ndi zala, theka ndi theka, mpaka chinthucho chitsale m'manja.

Mukatha bwezerani dothi lonse, tsekani chigamba, pondani ndi jombo mpaka pasaoneke kuti panakumbidwa. Nkhosa kapena hatchi ikhoza kuthyoka mwendo m'dzenje losiyidwa. Chinyalala chilichonse chimene mwafukula chilowe m'chikwama, makamaka mtovu ndi waya, zimene zimapha ng'ombe zikameza. Musakumbe kupyola pamene pulawo imafika, cha m'ma sentimita 30. Zimene zili m'dothi lapamwamba zinasokonezedwa kale ndi kulima, koma pansi pake zinthu zili mmene eni ake anazisiyira, ndipo kumeneko ndi kwa akatswiri ofukula zakale.

Zambiri zimene mudzatulutse ndi zotsegulira zitini, matako a zipolopolo za mfuti zosakira mbalame, zidutswa za mtovu ndi mabatani osawerengeka. Pakati pa zimenezi mudzayamba kuona zomangira malamba, tizipolopolo tozungulira ta mfuti zagogodera, timabelu ta ziweto, tizisoti ta chala ta osoka, ndi ndalama zobiriwira za mafumu otchedwa George ndi za mfumukazi Victoria. Makobidi, matiki ndi masheleni amene agogo athu ankawerengera nthawi ya atsamunda ndi ya Chitaganya ndi a banja lomweli, ndipo maiko onse awiri, Britain ndi Malawi, anasiya kawerengedwe kameneko mu 1971, ife titatenga kwacha ndi tambala.

Chimene aliyense amachilakalaka ndi ndalama yosula ndi nyundo, imene m'munda amangoti hammered. Mpaka cha m'ma 1662 ndalama za ku England zinkapangidwa poika kachidutswa ka siliva pakati pa zidindo ziwiri n'kumenya. Imatuluka m'chibuluma ngati kachitsulo kotuwa kopanda ntchito, kopyapyala, kochepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu, nthawi zina kopindika. Mukathirapo dontho la madzi dothi n'kusungunuka, pamaoneka mtanda wofika m'mphepete, ndi timadontho titatu pa ngodya iliyonse. Kuseri kuli nkhope ya mfumu yoyang'ana kutsogolo, chisoti kumutu, tsitsi lopotana m'mbali. Ngati ndi khobidi la Edward I, amene analamulira kuyambira 1272 mpaka 1307, mozungulira mtandawo mudzawerenga dzina la mzinda umene linasulidwa, monga CIVITAS LONDON kapena CIVITAS CANTOR, ndiye kuti Canterbury. Zina zakale kuposa pamenepo mudzazipeza zodulidwa pakati kapena panayi, chifukwa ndi mmene anthu ankapezera chenji. Chala chimafuna kupukuta. Chiletseni, chifukwa mchenga umakanda siliva ndipo mikwingwirimayo sichokanso.

Lembani malo musanasunthe phazi

Apa ndi pamene ine ndimaumirira kwambiri, chifukwa ndi pamene ambiri amachita ulesi. Chinthu chilichonse chooneka chakale muchijambule pomwe chatulukapo, mutenge malo ake pa GPS ya foni, mulembe nambalayo ndi deti pa kapepala ka pulasitiki, n'kuchiikamo chokha. Ndalama ya Aroma imene ili m'chitini kunyumba popanda wodziwa kumene inachokera imangouza munthu dzina la mfumu. Ndalama yomweyo ikadziwika malo ake, n'kuphatikizidwa ndi zina zimene anzanu apeza m'munda womwewo, imaonetsa pamene panali msika, mudzi kapena kachisi amene palibe buku linamulemba. Zinthu zoposa miliyoni imodzi zalembedwa kale m'kaundula wa Portable Antiquities Scheme, zambiri zochokera kwa anthu wamba a makina, ndipo akatswiri amazigwiritsa ntchito polemba mbiri. Malo enieni saonetsedwa kwa anthu onse pa intaneti, ndiye mlimi asaope kuti kaundulayo aitana akuba. Chimene chimaitana akuba ndi chithunzi cha pa Facebook chooneka tchalitchi kapena chikwangwani cha famu kumbuyo.

Zikayamba kutuluka zambiri pamalo amodzi, lekani

Ndalama yachiwiri, yachitatu, yachinayi pamalo amodzimodzi, kapena kulira kwakukulu kochokera pansi kwambiri, kapena mkombero wa mphika ukuonekera m'dzenje: ikani fosholo pansi. Itanani mkulu wa ulendo, uzani mwini munda, imbirani FLO. Mtima umagunda, anzanu amakuzingani, wina amati tingotulutsa tione. Musalole.

Mu Epulo 2010 Dave Crisp anapeza mtsuko wa ndalama za Aroma pafupi ndi Frome ku Somerset. Atangozindikira chimene chinali, anakwiriranso n'kuitana akatswiri. Iwo anachotsa ndalamazo mosanjikizana mmene zinalili, zonse 52,503, zolemera pafupifupi makilogalamu 160. Chifukwa choti mtsukowo unali usanasokonezedwe, anatha kuona kuti unali wopyapyala moti sukananyamulika uli wodzaza, kutanthauza kuti unaikidwa kaye m'dzenje kenako n'kumathiramo ndalama. Izi zinapangitsa akatswiri kuganiza kuti mwina sichinali chuma chobisa pothawa nkhondo, koma chopereka cha anthu a m'deralo kwa milungu yawo. Fosholo ya munthu wosangalala ikanafafaniza zonsezi m'mphindi zochepa. Ku Hoxne, ku Suffolk, mu Novembala 1992, Eric Lawes ankafunafuna hamala imene mnzake wina, mlimi, anataya, n'kugwera pa ndalama pafupifupi 15,000 zagolide ndi zasiliva pamodzi ndi masupuni ndi zibangili. Nayenso ananena msanga, akatswiri anafukula mawa lake, ndipo anapeza ngakhale zotsalira za bokosi lamatabwa limene chumacho chinalimo. Mphotho inali mapaundi 1.75 miliyoni, imene anagawana ndi mlimiyo.

Pali zinthu ziwiri zina zoimitsa ntchito nthawi yomweyo. Mukaona chonga bomba kapena chipolopolo chachikulu chosaphulika, zimene zilipo ndithu m'minda ina chifukwa cha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, musachigwire. Ikani chizindikiro chapatali, chotsani anthu, imbani 999. Mukaona mafupa a munthu, lekani kukumba ndipo uzani apolisi.

Madzulo ndi kunyumba

Nthawi yotuluka ikakwana, anthu amasonkhana pa magalimoto n'kuyala zimene apeza. Musachite manyazi ndi mabatani anu. Onetsani zonse, ngakhale zimene mukuziyesa zinyalala, chifukwa kachidutswa kamkuwa kopindika kangakhale mbali ya chomangira chovala cha Aroma, ndipo m'gulumo simulephera kukhala wina wochizindikira. Mlimi naye aone zonse, osati zosankha. Alimi ambiri amasangalala kwambiri mukawapatsa kabokosi ka zinthu za m'munda mwawo, kolembedwa bwino kuti ichi ndi chiyani, cha zaka ziti. Tsukani majombo ndi fosholo musanapite pa famu ina kuti musanyamule matenda a ziweto, sambani m'manja musanadye popeza mwagwira mtovu, ndipo ngati munali pa msipu dziyang'aneni nkhupakupa.

Kunyumba musapukute chilichonse ndi viniga, mandimu, mankhwala otsukira ziwiya kapena waya. Kubiriwira kosalala kumene kuli pa ndalama yamkuwa ndiko kwasunga nkhope ndi zilembo, ndipo kukachoka kumatsala chitsulo chokumbikakumbika. Chimene mukuchiganizira kuti ndi chuma musachitsuke n'komwe, dothi lake lipite nalo kwa FLO. Zina zonse zisiyeni ziume bwino, muchotse dothi ndi kamtengo kotokosera m'mano kapena kaburashi kofewa, muzisunge pouma, chilichonse m'kapepala kake koboola timabowo kuti chinyontho chisatsekeredwe. Ndalama yopindika musaiwongole nokha, imathyoka.

Ma FLO ambiri amabwera ku misonkhano ya makalabu kapena amakhala ndi masiku olandira anthu ku nyumba zosungiramo zinthu zakale. Tengani zonse zimene zikuoneka kuti zapitirira zaka 300, pamodzi ndi manambala a malo ake. Amasankha zofunika kulemba, amakupatsani lisiti, amazijambula ndi kuziyeza, ndipo zimene si chuma amakubwezerani pakapita masabata kapena miyezi. Nambala ya m'kaundula ikabwera, ilembeni pa kapepala ka chinthucho, ndipo kope lina mupatse mwini munda pamene mukukamufunsa kuti afesa liti ndiponso ndi munda uti udzakhale wopanda mbewu chaka chamawa.